Phewa la Alamu Anga ndi Mphuno ya Mkamwini

Mukafika ku Bapunagar kuno ku Ahmedabad n'kufunsa za a Labhuben, anthu akufunsani kuti a Labhuben ake ati, poti alipo angapo. Koma mukangoti a nsimbi aja, ngakhale ng'ombe zogona pamsewu zikulozerani ndi mchira. Pansi pa mtengo wa nimu, pafupi ndi mpopi, pali tebulo loyalidwa bulangete lakale. Pamenepo alamu angawa aimapo zaka makumi atatu akusita zovala za anthu.

Ndi akazi a achimwene anga, a Odhavji. Anabwera pakhomo pathu kuchokera kumudzi kwawo ku Amreli ine ndili ndi zaka khumi, ndiye mpaka lero, imvi zili mbuu m'mutu, kwa iwo ndine "iwe Bhupat" basi. Amayi athu atamwalira, ndi iwowa amene ankandikokera kusukulu atandigwira khutu. Anakoka mpaka kalasi yachisanu. Khutu linatalika, mutu unakhala momwemo, ndiye tinagwirizana kuti ndiphunzire kuyendetsa rikisho ya matayala atatu yonyamula anthu, imene ikundidyetsa mpaka pano.

Nsimbi yawo ndi ija yamakala, yamkuwa, yolemera ngati mwana woyamba kuyenda. Ankainyamula ndi dzanja lamanja kuyambira dzuwa lisanatenthe mpaka kulowa, kuikupiza m'mwamba kuti makala ayake, kuitsitsa pa thalauzi, kuikweza, kuitsitsanso. Mzere umene ankaika pa thalauzi mukanatha kudulira anyezi. Ndipo m'dera lonse anthu ankadziwa kuti a Labhuben akanena kuti nsalu iyi yapsa, ndiye kuti yapsa, ngakhale iwe mwini wake usakuona.

Koma ali ndi vuto limodzi. Sapempha. Atagwera m'chitsime, inu n'kusuzumira kuti muwaponyere chingwe, akhoza kukuuzani kuti akusamba. Phewa litayamba kuwawa anabisa zaka ziwiri. Ankakankha nsimbi ndi thupi lonse, ankadya atatsitsa mutu pafupi ndi mbale, tonse osazindikira. Anawagwira ndi mwana wawo wamkazi Krupali, atawapeza akulimbana ndi chipeso, dzanja likukana kufika kumutu.

Adokotala a mafupa atajambula anati phewalo latha ngati kolala ya shati ya mphunzitsi, palibenso posoka. Anati aika lachitsulo. Anatifotokozera kuti phewa lobadwa nalo lili ndi kampira kumutu kwa mkono ndi kambale kumbali ya thupi, koma iwo atembenuza: kampira kachitsulo akakhomera ku thupi, kambale kapulasitiki ku mkono. Ine ndinati, "Adokotala, ine nditaika tayala chotembenuza apolisi andigwira. Inu mukachita akuti ndi maphunziro." Alamu anandiponda chala.

Mwina mukuganiza kuti anavomera opaleshoniyo chifukwa cha ululu. Ayi. Anavomera chifukwa cha mphuno.

Ukwati wa Krupali unali utapanganidwa kale, mwezi wozizira chikatha chikondwerero cha nyali cha Diwali. Ndipo nonse mukudziwa zimene zimachitika mkamwini akafika pachipata tsiku la ukwati. Amayi a mkwatibwi amamulandira, amamuika chizindikiro chofiira pamphumi, amamatapo mpunga, amamuzunguliza nyali, kenako amamugwira mphuno n'kukoka, kumukumbutsa kuti wabwera kudzapempha, sanabwere kudzatola. Iye amazemba, anzake amamutchinjiriza, anthu amaseka. Amayi a alamu anagwira mphuno ya achimwene mwamphamvu moti mpaka pano imaloza kumpoto iwo akupita kum'mawa. Alamu ali ndi mwana mmodzi yekha. Mphuno yoti agwire pa moyo wawo wonse ndi imodzi, ndipo imagwiridwa ndi dzanja lamanja, lodalitsira.

Mayi akalephera, amagwira ndi mayi wamng'ono. Pakhomo pathu mayi wamng'onoyo ndi mkazi wanga, Ramila. Awiriwa atunga pa mpopi umodzi zaka zoposa makumi awiri ndipo amakondana ngati amphaka awiri pa mbale imodzi ya mkaka.

Opaleshoni inachitika m'nyengo ya mvula, ndipo inayenda bwino. Potuluka adokotala anawapatsa malamulo ochepa. Kutsogolo dzanja lidzakwera pang'onopang'ono. Kumbuyo ayi. Osapisa dzanja kumsana, osakhala pansi, osadzuka motsamira dzanja kumbuyo. "Dzanja lanu lizikhala kumene maso anu akuliona, mayi," anatero. Alamu anamvera miyezi iwiri, ife mpaka kudabwa. Tinawagulira mpando wapulasitiki wokhala ndi moika mikono, anaukhala ngati nduna.

Kenako kunabwera alendo.

Linali tsiku lina m'masiku ovina a chikondwerero cha Navratri, masana. A kuchimuna anabwera kudzaona nsalu za ukwati: amayi a Nikunj, mkamwini wathuyo, ndi agogo ake, a Monghiba, nkhalamba yaifupi yoyenda ndi ndodo. Tinali titabwereka mipando kwa aneba, titaipukuta mpaka kuwala. A Monghiba analowa, anaiyang'ana mipandoyo, anaidutsa yonse, n'kukakhala pa mkeka.

Wa kuchikazi sakhala pamwamba wamkulu wa kuchimuna ali pansi. Zimenezo ngakhale ine wa kalasi yachisanu ndimadziwa. Amayi a Nikunj anatsika kukhala pa mkeka, Ramila anatsika. Ine ndili pakhomo ndinakhosomola dala. Alamu anandiyang'ana diso lija la nsimbi yotentha, anakonza sari yawo, nsalu yaitali ija yokulunga thupi, n'kutsika nawo.

Kutsikako kunayenda bwino. Tiyi anabwera, tokazinga tomwera tiyi totchedwa ganthiya tinabwera, nkhani zinayenda. Kenako a Monghiba anati, "Tione nawo sari imene mwana adzavale polowa m'nyumba mwathu." Thupi la munthu lili ndi nzeru zake zakale, silifunsa dokotala. Mkazi amene wadzuka pa mkeka zaka makumi asanu sachita kuganiza. Alamu anaponya dzanja lamanja kumbuyo, anatsamira, anakankha.

Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu wathyola chala. Ine ndinalimva chifukwa ndinali ndikudikira. Anabwerera pansi pang'onopang'ono, nkhope itasanduka phulusa. Anakoka nsonga ya sari ndi dzanja lamanzere n'kufunditsa phewalo.

"Ramila," anatero ndi mawu osalala bwino, "kabweretse sari yofiira ija. Ili m'kabati mwanga, makiyi ali pansi pa mtsamiro."

Ramila anatsegula pakamwa. Zaka zonsezi sanagwirepo makiyi amenewo. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti zinthu zaipadi.

Anakhala pa mkekapo kupitirira ola. A Monghiba anafotokoza za ukwati wawo, za ngolo imene inawanyamula, za ng'ombe imene inakana kuyenda, alamu akuseka pamene pafunika kuseka, thukuta likutsika m'khosi. "Kukutentha chaka chino," anatero. Alendo atanyamuka alamu anati mwendo wachita dzanzi, awakhululukire, Ramila awaperekeza. Chitseko chitangotsekeka anati, "Iwe Bhupat, liza rikisho."

Titachotsa nsalu ija, phewa linali litaphwa kumbali, kutsogolo kutatukuka chinthu ngati ndimu. Mkono unali lende, osamva kulamulidwa. Uthenga unali utafika kale kwa aneba. Wina anabwera ndi mafuta otentha, wina ndi phala la mizu yachikasu ya manjano, wina ndi malangizo okha. Achimwene, amene salankhula kawirikawiri, tsiku limenelo analankhula.

"Mayi a Krupali, tiyeni kwa wobwezera mafupa uja wa kuseri kwa fakitale. Langa litaguluka nditagwa pa njinga analibweza ndi iyeyo. Chidendene m'khwapa, kukoka kamodzi, basi. Madzulo ndinadya ndi dzanja lomwelo."

"Lanu linali la Mulungu," anayankha alamu mano ali gwa. "Langali ndi logula. Amene anamanga zomangira zake ndi amene akudziwa kumene zinalowera."

"Nanga adokotala akakakalipa?"

"Akalipe. Makutu sanandichite opaleshoni."

Tsiku limenelo ndinayendetsa rikisho mmene sindinayendetserepo chibadwire. Anthu a njinga ankatipitirira. Ngamila yokoka ngolo inatipitirira, mwini wake n'kundifunsa ngati mafuta andithera. Alamu anali kumbuyo atakumbatira mkono pamimba, Krupali atawagwira. Dzenje lililonse ndinkalizungulira ngati kachisi.

"Ukagunda lina," anatero alamu nditaphonya kamodzi, "ndikusita nkhope."

"Ndi dzanja liti, alamu?"

"Lamanzere likukwanira iwe."

Kuchipatala anajambula kaye. Adokotala anatiitana n'kutionetsa chithunzi: kampira kali apa, kambale katerereka kali uko kutsogolo, ngati anthu okwatirana amene akangana. Funso lawo loyamba linali lakuti, alipo wakoka? Titati ayi, anapuma. Anati mkati mwa fupa la mkono muli mwendo wachitsulo, ndipo munthu akakoka mwamphamvu mnofu uli wolimba, fupa lozungulira chitsulocho likhoza kusweka. Achimwene anayamba kuyang'ana denga. Kenako adokotala anawauza alamu kuti agwedeze zala, anamva kugunda kwa magazi pamkono, anawakanda khungu la pambali pa phewa n'kufunsa ngati akumva. Ankamva.

"Mwatani, mayi?"

"Ndinakhala pansi."

"Ndinati chiyani ine?"

"Kunabwera a kuchimuna."

Adokotala anangogwedeza mutu. Nawonso ali ndi ana aakazi.

Anati njira ndi ziwiri. Awagonetsa ndi mankhwala kuti mnofu ulefuke, akoka mkonowo mofatsa akuyang'ana pa makina ojambula, n'kubwezera kambale pa kampira. Likalowa n'kukhazikika, avala lamba mwezi ndi theka. Likakana, kapena likadzagulukanso, ndiye kutsegulanso bala n'kuika kambale kokhuthala, ndipo ukwati adzaumvera ali chigonere.

"Adokotala," anatero alamu, "mkamwini wanga ndi wamtali ngati pholo la magetsi. Dzanja ili lidzafika pamphuno yake?"

Adokotala anagwira mphuno yawo osazindikira. Tinaseka tonse, ngakhale alamu, ngakhale kusekako kunawapweteka.

"Kubweza ndi ntchito yanga," anatero adokotala. "Kuti likhale momwemo ndi ntchito yanu. Ambiri amene ndimawaonanso pano ndi aja amati achira msanga."

Analowa nawo. Tiyi amene ndinagula panja asanazizire n'komwe, namwino anatuluka kudzatiuza kuti lalowa. Anajambulanso, tinaona kambale kabwerera kwa mwamuna wake. Alamu anatuluka mmawa wake atamangidwa malamba, mtsamiro wolimba uli m'khwapa kuti mkono utalikirane ndi thupi. Ndinawauza kuti alonda a pachipata atigwira, aziti taba mtsamiro wa boma. Iwo anali akuwerengera m'mutu masabata otsala.

Ululu wa pa mkeka uja unali wa ola limodzi, ndipo kupirira ululu ndi ntchito imene alamu amaidziwa. Chimene sankachidziwa ndi kukhala chete munthu wina akukugwirira ntchito molakwika. Nkhondo yeniyeni inali imeneyo.

Sari sivalika ndi dzanja limodzi. Tsitsi silukika ndi dzanja limodzi. Krupali ankalawirira kuntchito kwake kusitolo ya mafoni, ndiye wotsala anali Ramila. Mmawa uliwonse ndinkamva kuseri kwa khoma.

"Wapinda mokhota."

"Achemwali, ndavala sari zaka makumi atatu."

"Ndi chifukwa chake ndikunena. Zaka makumi atatu mokhota."

"Musavutike mtima, achemwali. Zikakanika, ine zala zanga n'zolimba, mphunoyo ndigwira ndine. Ndagulanso sari yatsopano, yoimira pachipata."

"Zala zakozo uzisunga, uzizulira imvi amuna ako."

Koma ankaima, Ramila n'kuwaveka. Ndipo mkazi wangayo, pakamwa pake pali tsabola, koma ankawasambitsa m'khwapa ndi kansalu mosamala ngati akupukuta dzira, mkono osausuntha.

Pa tebulo pansi pa nimu panaima achimwene. Diwali inali ikuyandikira, nyengo imene aliyense amatulutsa zovala zonse za m'bokosi. Alamu anakhala pa mpando wawo pambali, mtsamiro m'khwapa, akuonerera amuna awo akuika mizere iwiri pa mwendo umodzi wa thalauzi.

"Bambo a Krupali, mwiniwake akufuna thalauzi, osati njanji."

"Ndikukonza."

"Mukukonza ndi kuika wachitatu?"

Ndinkaona zala zawo zikugwedezeka m'lambamo ngati zikufuna kutuluka zokha. Azimayi ena podutsa ankanong'onezana kuti mwana akukwatiwa, nyumba sinapakidwe laimu, mayi ake angokhala ngati mkazi wa mwini fakitale. Alamu ankamva. Ankangoyang'ana kutsogolo.

Tsiku lina ndinali nditaimika rikisho pamthunzi pomwepo. Kunabwera kamphepo, kananyamula shati yoyera yositasita pamwamba pa mulu, n'kuidutsitsa pambali pa phewa lawo lamanja kupita kumbuyo kwa mpando, kumene madzi a pa mpopi amapanga matope. A Labhuben amene ndimawadziwa ine akanaiwakha isanafike pansi, ngakhale atagona. Ndinaona khosi lawo likulimba. Sanatembenuke. Shati inagwera m'matope iwo akuyang'ana mtengo.

"Iwe Bhupat," anatero patapita kanthawi, "tola shati ya anthu. Ukaichape."

Ndinaichapa, ndipo sindinanene nthabwala iliyonse, zimene kwa ine ndi zachilendo.

A Monghiba anabweranso lambalo lisanachoke, kudzapereka maswiti a Diwali. Analowa, anaidutsa mipando ngati poyamba, n'kulunjika pa mkeka. Ramila anandiyang'ana, ine ndinayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana denga. Alamu anakhalabe pa mpando.

"Agogo, mundikhululukire," anatero. "Ine sinditsika. Tsiku lija ndinatsika, phewa linaguluka inu muli pomwepo. Ndikatsikanso lero, mdzukulu wanu adzalowa pachipata changa ine ndili m'chipatala. Mukafuna kunena kuti a kuchikazi alibe mwambo, nenani, koma ine ndikhala pano."

Nkhalamba ija inawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mumati ine pansi ndimapakonda?" inatero. "Mawondo angawa anatha kalekale. Kwathu ndimakhala pa sofa. Ndinakhala pa mkeka kuti musanene kuti a kuchimuna ndi onyada. Nditachoka pano ndinagona sabata yathunthu. Iwe wa rikisho, tasiya kuyang'ana ngati kadzidzi, ndidzutse."

Ndinawadzutsa n'kuwakhazika pa mpando. Azimayi awiri anatsala pang'ono kulumala chifukwa cholemekezana, ine wopanda ulemu ndili bwinobwino.

Mwezi ndi theka utakwana anajambulanso. Phewa linali m'malo mwake. Anachotsa lamba, mkono unatuluka wowonda ngati ndodo ya tsache. Mtsikana wophunzitsa zolimbitsa thupi anawaonetsa zochita: kuima moyang'ana khoma, zala ziziyenda kukwera ngati kangaude, pang'onopang'ono, chigongono chili kutsogolo. Osatsomphola, osadumphira chinthu, osanyamula cholemera kuposa kapu ya tiyi. Alamu anachita masiku awiri, lachitatu anandiitana.

"Khoma lilibe mphuno. Ima apa."

Kuyambira pamenepo, mmawa uliwonse ndisanatulutse rikisho, ndinkaima pabwalo manja kumbuyo ngati mwana wolakwa, zala za alamu zikukwera pa shati yanga. Poyamba zinkathera pa thumba. Kenako pa kolala. Kenako pachibwano, misozi ili m'maso mwawo, milomo italumidwa. Tsiku limene anafika pamphuno anaifinya ngati akubweza ngongole ya kalasi yachisanu ija. Anthu okwera rikisho anayamba kundifunsa ngati ndayamba kumwa, poti mphuno inali psuu tsiku lonse.

Koma ine ndine wamfupi. Anandiimika pa njerwa imodzi, tinayambanso. Anafika. Anandiimika pa njerwa ziwiri, msinkhu wa Nikunj. Apo zala zinafika pa mlomo wam'munsi n'kuima. Mmawa wotsatira, pa mlomo. Wotsatirawo, pa mlomo pomwepo. Ukwati unali mawa lake.

"Alamu, ndimuimbire mnyamatayo. Ndimuuze awerame pang'ono, palibe adzadziwe."

"Mphuno yochita kupatsidwa si mphuno. Ukamuimbira, ndidzagwira yako pamaso pa anthu."

"Nanga lamanzere?" anafunsa Ramila.

"Mwana wanga ndimulandirire mwamuna ndi dzanja lamanzere?"

"Ndiye mudzadumpha, achemwali. Ndimakudziwani. Mudzadumpha, lidzaguluka, Krupali adzatuluka m'nyumba muno inu muli m'rikisho ya Bhupat."

Ndinaona kuti mawuwo alowa.

Tsiku la ukwati kunacha kozizira, dzuwa lili lowala. Gulu la malipenga linamveka kuchokera kumsewu waukulu, anyamata akuvina kutsogolo, Nikunj ali pa hatchi yoyera, atavala chijasi chachitali chonyezimira chimene tonse tinkadziwa kuti n'chobwereka kusitolo. Anatsika pachipata. Anzake anamuzungulira ngati asilikali, ndipo iye anali atatseka kale mphuno ndi kampango. Anali atamva mbiri ya mphuno ya achimwene.

Alamu anatuluka atavala sari yobiriwira, yopindidwa ndi Ramila, ndipo ndinene zoona, mapindo ake anali owongoka. Mbale ya nyali ndi yolemera, ndiye Ramila anaigwirira kunsi, alamu osakana. Nikunj anawerama kuti alandire chizindikiro, kampango ali gwa pamphuno, dzanja la mnzake lili pamwamba pa lake. Alamu anaika chofiira pamphumi ndi dzanja lamanja, anamata mpunga, anazunguliza nyali. Atangomaliza, mnyamata anadzuka msangamsanga n'kuponya mutu kumbuyo. Mphuno inapita kumwamba ngati kaiti.

A kuchimuna anaombera m'manja. Azimayi a kwathu anayamba kukuwa kuti gwirani, dumphani, musatichititse manyazi. Ine sindinkayang'ana mphuno, ndinkayang'ana mapazi a alamu. Ndinaona zidendene zikunyamuka. Ndinaona phewa lija likukwera pansi pa sari. Ramila anapatsira mbale munthu wina n'kusendera pafupi, ndipo sindikudziwa ngati ankafuna kugwira mphuno kapena kugwira achemwali akewo.

Zidendene zinabwerera pansi.

Alamu anaima chilili, manja ali pamimba. Phokoso linayamba kuchepa. Wansembe anayang'ana wotchi. Iwo sankayang'ananso kumwamba. Maso awo anali pachifuwa cha mkamwini, atakwinya nkhope mmene amachitira munthu akawabweretsera nsalu yoonongedwa kwina.

"Akamwini," anatero mosakweza mawu, "chijasi ichi anakusitirani ndani?"

Nikunj anayankhira m'kampango kuti a kusitolo.

"Apsereza."

"Pati?"

"Apa, pansi pa batani lachiwiri. Nsimbi inatentha kwambiri. Akusitolowo adzati mwapsereza ndinu."

Akananena munthu wina, mnyamatayo akanaseka. Koma ananena ndi a Labhuben a nsimbi, ndipo chijasi chinali cha eni. Kampango kanatsika kukapukuta pa batani. Mutu unatsika kukafunafuna bangalo. Anzake nawonso anaweramira pomwepo.

Dzanja lamanja la alamu linakwera mmene linkakwerera pa shati yanga, mosafulumira, chigongono chili kutsogolo, kumene maso awo ankaliona. Linadutsa batani, linadutsa kolala, linadutsa chibwano. Zala ziwiri zinatseka.

Chipata chonse chinaphulika. A Monghiba ankamenya ndodo pansi akuseka mpaka kutsokomola. Alamu sanakoke, poti kukoka analetsedwa. Anangogwira, ndipo zala zimene zagwira nsimbi zaka makumi atatu sizifunika kukoka.

"Mwabwera kudzatani pakhomo pano, akamwini?"

"Kudzapempha, amayi," anatero mnyamatayo ndi mawu a m'mphuno.

"Sindinamve. Malipenga akusokosa."

"Kudzapempha."

Anamusiya. Dzanja linatsika pang'onopang'ono, njira yomwe linakwerera. Ndinayang'ana phewa. Linali lozungulira bwinobwino, m'malo mwake. Achimwene anali akupukuta m'maso, akuti ndi utsi wa nyali. Madzulo ake Krupali potsanzikana analirira pa phewa lamanzere, Ramila ataima kumanja ngati mlonda kuti wachibale aliyense wofuna kukumbatira adutse mbali inayo.

Nsimbi yamkuwa ija alamu sanainyamulenso. Adokotala anati phewa logula silinapangidwire katundu wotero, ndipo ulendo uno sanachite kubwereza. Pa tebulo pamaima achimwene, amene tsopano afika pa mzere umodzi ndi theka. Alamu ali ndi kansimbi kamagetsi kopepuka, amasita sari za silika zokha, zimene sakhulupirira munthu wina aliyense. Alendo akabwera, aakulu kaya aang'ono, amawalozera mpando iwo atakhala kale pa wawo. Mphuno yanga amaigwirabe mwa apo ndi apo, akuti phewa lisaiwale.

Patapita masiku ndinawafunsa pansi pa nimu paja.

"Alamu, inu simunama pa nkhani ya nsalu. Chijasi chija chinapsadi?"

Anapinda sari imene ankasita, anaisalaza ndi chikhatho.

"Sichinapse," anatero. "Koma kolala anaisita mokhota. Ndinangoikhululukira poti linali tsiku la ukwati."